Wofuna agulugufe asaphe mbozi

Mawu amene mphunzitsi wa sayansi analankhula kwa makolo ochokera ku Malawi okhala ku South Bend ndi madera ozungulira, m'chigawo cha Indiana ku America, mwezi wa Okutobala.

Zikomo a tcheyamani. Agogo athu amene mwakhala kutsogoloku, amayi, abambo, ndi inu ana amene mwakhala pansi apo, moni nonse. Ndapatsidwa kanthawi kuti ndifotokoze za kadimba ka agulugufe kamene tikufuna kukulitsa kusukulu kumene ana athu ambiri amaphunzira. Ndiyambe ndi zimene ndinaona mu Ogasiti, sukulu itangotsegulidwa.

Tsiku lina ndikutuluka m'kalasi ndinapeza mayi wina wa kwathu konkuno ataima pa kadimba kaja, akudikira mwana wawo. Dzina sinditchula. Ndi mayi olimbika pa ntchito, ndipo zimene anachitazo anachita ndi mtima wabwino. Anaona mbozi zamizeremizere yachikasu, yakuda ndi yoyera zikudya masamba, ndiye anayamba kuzitola n'kumaziponda. Mmene ndimafika n'kuti ataponda zisanu ndi imodzi. Anandiuza mokondwa kuti, "Aphunzitsi, ndakuthandizani, mbewu zanuzi zikanatha."

Sindinawadzudzule, chifukwa tonsefe tinakula choncho. Munthu amene anaonapo ntchemberezandonda zitalowa mumtima mwa chimanga, monga zinachitikira kwathu mu 2017 mpaka boma kulengeza kuti maboma 20 agweredwa tsoka, sangaone mbozi pa tsamba n'kuisiya. Dzanja limapita lokha. Koma dimba limene ndikukambali ndi la mtundu wina. Masamba amenewo tinawadzala kuti adyedwe. Zokolola zathu ndi mbozizo. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndiye amene akufuna kuti ana ake aone agulugufe avomere kuona masamba obookabooka.

Gulugufe amene tikumulimira dimbayu dzina lake ndi monarch. Mwamuonapo, kaya ku paki kaya m'mbali mwa msewu. Mapiko ake ndi ofiirira ngati lalanje lakupsa, ali ndi mitsempha yakuda, ndipo m'mphepete mwake muli timadontho toyera. Akatambasula mapiko amakwana masentimita pafupifupi 10, koma kulemera kwake ndi theka la galamu, osaposa njere imodzi ya mtedza. Kwathu kuli msuweni wake. Muli ana munathamangitsapo gulugufe wofiirira wa nsonga zakuda ndi zoyera, wouluka mosafulumira ngati saopa kanthu. Ameneyo a sayansi amamutcha Danaus chrysippus, wa kunoyu amamutcha Danaus plexippus. Banja ndi limodzi.

Wamkazi amaikira mazira pa chomera cha mtundu umodzi wokha, chotchedwa milkweed. Amachitcha choncho chifukwa ukathyola tsamba chimatulutsa utomoni woyera ngati mkaka. Akhoza kuuluka pamwamba pa munda wa maluwa okongola chotani, koma ngati mulibe milkweed saikiramo, chifukwa ana ake sadya china chilichonse. Amaikira dzira limodzi kunsi kwa tsamba, kadzira kochepa ngati njere ya mawere, n'kupita pa chomera china. M'moyo wake amaikira mazira 300 mpaka 500. Pakapita masiku atatu, anayi kapena asanu, kambozi kamatuluka, ndipo chakudya chake choyamba ndi chikhokho cha dzira lomwe katulukamo. Kenako kamayamba tsamba. Kwa milungu iwiri ntchito yake ndi kudya basi, n'kumafundula khungu likathina. M'milungu iwiri imeneyo kulemera kwake kumawonjezeka pafupifupi ka 2,000. Ana a m'kalasi mwanga ndimawauza kuti awerengere okha: khanda lobadwa ndi makilogalamu atatu litakula choncho lingalemere bwanji? Amapeza makilogalamu 6,000, kulemera kwa njovu yaikulu yamphongo. Masamu amenewo saiwala.

Mbozi ikakhuta imasiya kudya, imafuna malo obisika, n'kudzikoloweka chazondotsa, itapindika ngati mbedza. Imakhala choncho pafupifupi tsiku lathunthu. Ndiye khungu limang'ambika kuyambira cha kumutu, ndipo m'kati mumatuluka chikwa chobiriwira chokhala ndi timadontho tonyezimira ngati golide. Sichilukidwa ndi ulusi ngati cha mbozi zina ayi, ndi thupi lake lomwelo lasandulika. Zimenezi zimachitika m'mphindi zochepa chabe, moti ukatembenuka kuti ulembe pa bolodi umapeza zatha. Chaka chatha mnyamata wina, amene aphunzitsi onse timamudziwa kuti sakhazikika pa mpando, anakhala pa zenera mphindi makumi anayi osagwedezeka, maso ali pa mbozi yolendewera. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo iye anaonadi. Anakuwa kalasi yonse n'kuthamangira. Pakapita masiku 10 mpaka 14 chikwacho chimada, mapiko amayamba kuonekera m'kati, ndipo nthawi zambiri m'mawa gulugufe amatuluka mapiko ali okwinyika. Amalendewera kwa maola angapo mpaka mapikowo atatambasuka n'kuuma.

Mwina mukudabwa kuti mbozi yowala choncho, yosabisala n'komwe, mbalame zimaisiyiranji. Kumbukirani nunkhadala. Chiwala chimene chija chimavala mitundu yowala ndipo chimayenda mwaulesi, chifukwa chimadya zomera zapoizoni n'kusunga poizoniyo m'thupi. Monarch ndi chimodzimodzi. Utomoni wa milkweed uli ndi poizoni wosokoneza mtima, mbozi imaudya osafa, n'kuusunga mpaka ikasanduka gulugufe. M'zaka za m'ma 1960 katswiri wina, Lincoln Brower, anadyetsa agulugufe amenewa mbalame za kuno zotchedwa blue jay zimene zinali zisanawalawepo. Mbalamezo zinasanza, ndipo pambuyo pake zinkakana kuwakhudzanso. Mitundu yowalayo ndi chenjezo. Komabe musaganize kuti alibe adani. Akangaude, nyerere, mavu ndi ntchentche zina zimatha mazira ndi timbozi tating'ono, moti pa mazira khumi oikiridwa kutchire nthawi zambiri silikwana limodzi lofika posanduka gulugufe.

Tsopano ndifike pa ulendo, chifukwa ndi umene unachititsa kuti ine ndikonde kachilombo kameneka.

Agulugufe obadwa mu Juni ndi Julayi amakhala ndi moyo milungu iwiri mpaka isanu ndi umodzi. Amakwerana, amaikira, amafa. Koma obadwa kumapeto kwa Ogasiti ndi mu Seputembala ndi ena. Masiku akayamba kufupika, usiku n'kuyamba kuzizira, milkweed n'kuyamba kukalamba, matupi awo amaimitsa za kubereka. Amangomwa timadzi totsekemera ta m'maluwa, kusunga mafuta, n'kulunjika kum'mwera chakumadzulo. Kuno kwathu amadutsa ambiri pakati pa Seputembala, ndipo amene mumapita kugombe la Lake Michigan nthawi imeneyo mwina munawaona akutsatana m'mphepete mwa madzi. Amadutsa Texas, kulowa Mexico, n'kukwera mapiri a pakati pa dzikolo, m'malire a zigawo za Michoacán ndi México. Kuchokera pano mpaka kumeneko, molunjika, ndi makilomita pafupifupi 2,800. Ndi ngati kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Cape Town. Ochokera ku Canada amayenda oposa 4,000. Pa tsiku amayenda makilomita 40 kapena 50, ndiye ulendo umatenga miyezi iwiri.

Kumene amakaterako ndi kumtunda, mamita pafupifupi 3,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Amene munakwerako Mulanje, Sapitwa ndi mamita 3,002, ndiye ganizirani kuzizira kwa kumeneko. Kuli nkhalango za mitengo yotchedwa oyamel, ya banja limodzi ndi paini. Agulugufe amaunjikana pa thunthu ndi pa nthambi, mamiliyoni, mpaka nthambi kuwerama. Nkhalangoyo imawafunditsa ngati bulangete. Kumazizira mokwanira kuti asathe mafuta a m'thupi, koma mitengo imatchinga kuti asaume ndi chisanu, ndiponso imawatchinjiriza ku mvula. Gulugufe wonyowa akagwidwa ndi chisanu amafa. Mu Januwale 2002 kunagwa mvula yamkuntho yotsatana ndi chisanu, ndipo anafa mamiliyoni ochuluka, pansi n'kuyalana mitembo yawo. N'chifukwa chake kudula ngakhale mitengo yochepa m'nkhalango imeneyo kuli ngati kung'amba bulangete nthawi ya Juni kwathu ku Malawi.

Amakhala kumeneko kuyambira Novembala mpaka Malichi. Kukafunda amakwerana, n'kuyamba kubwerera kumpoto. Akafika kumpoto kwa Mexico ndi ku Texas amapeza milkweed atangomera, amaikira, amafa, ali ndi miyezi isanu ndi itatu kapena kuposerapo. Ana awo amapitiriza ulendo, ena amafika kuno kumapeto kwa Meyi ndi mu Juni. Adzukulu amabadwira kuno. Zidzukulutudzi n'zimene zimabwerera ku Mexico.

Apa ndi pamene ndimafuna ana amvetsetse. Namzeze amene amabwera kwathu nthawi ya dzinja kuchokera ku Ulaya ndi yemweyo amene amabwerera, ndipo akhala ndi moyo amadzabweranso chaka chamawa, njira akuidziwa. Koma gulugufe amene ananyamuka pa kadimba kathu mwezi wathawu sanapiteko ku Mexico. Amayi ake sanapiteko, agogo ake sanapiteko. Palibe wamkulu womutsogolera. Komabe amakafika m'mapiri omwewo, m'nkhalango zomwezo.

Mbali imodzi ya chinsinsichi inadziwika. Amayendera dzuwa. Koma dzuwa silikhala malo amodzi, m'mawa lili kum'mawa, madzulo kumadzulo, ndiye woyendera dzuwa ayenera kudziwanso nthawi. Mu 2009 gulu la Steven Reppert ku yunivesite ya Massachusetts linasonyeza kuti wotchi ya gulugufeyu ili m'tinyanga tiwiri ta kumutu tija. Atapaka tinyangato utoto wakuda kuti tisaone kuwala, agulugufe anasokonekera njira. Atapaka utoto woonekera m'kati, analunjika bwinobwino. Ana ndimawatulutsa panja, timazika ndodo pansi, n'kumalemba pamene pafika mthunzi ola lililonse. Agogo muli panowa mukudziwa kuti ndi mmene tinkadziwira nthawi yoweruka kumunda.

Ndipo za kumene agulugufewa amapita, anthu a kuno sankadziwa mpaka posachedwapa. Ankangoona kuti chisanu chikamayandikira asowa. Fred Urquhart wa ku yunivesite ya Toronto ndi akazi ake a Norah anatha zaka pafupifupi makumi anayi akufufuza. Anapanga timapepala tomata pa phiko, n'kupempha anthu wamba masauzande, ambiri mwa iwo aphunzitsi ndi ana asukulu, kuti azigwira agulugufe, kuwamata n'kuwamasula. Aliyense wopeza gulugufe womatidwa ankalemba kalata ku Toronto. Pa mapu, mizere inkaloza ku Texas, kenako n'kuzimiririka. Ndiye analengeza m'nyuzipepala za ku Mexico kuti akufuna owathandiza. Anayankha Kenneth Brugger, Mmereka wokhala ku Mexico City, ndipo iye ndi Catalina Aguado, mayi wobadwira ku Michoacán komweko, anayendayenda m'mapiri mpaka pa 2 Januwale 1975 pamene anakwera phiri la Cerro Pelón n'kupeza mitengo itakutidwa ndi agulugufe.

Mabuku amati amenewa ndiwo anatulukira malowo. Ine ana ndimawauza kuti asamale ndi mawu amenewo. Kusukulu tinaphunzira kuti David Livingstone anatulukira nyanja yathu mu 1859, pamene makolo athu ankawedzamo usipa kalekale. Anthu a m'mapiri amenewo, monga Amazahua, ankawadziwa agulugufewa kuyambira makolo awo. Amafika kumayambiriro kwa Novembala, nthawi yomweyo imene anthu a ku Mexico amakumbukira akufa awo pa 1 ndi 2 Novembala, ndipo ambiri kumeneko amati ndi mizimu ya abale yabwera kudzacheza. Iwo ankadziwa kumene agulugufe amafikira koma osati kumene achokera. A kuno ankadziwa kochokera, osadziwa kofikira. Chimene chinachitika mu 1975 n'chakuti mbali ziwirizi zinakumana.

Koma panafunika umboni woti agulugufe a m'phirimo ndi omwewo a kumpoto. Mu Januwale 1976 a Urquhart eni ake, atakalamba, anakwera kumapiriko. Ali komweko, pakati pa agulugufe osawerengeka, anapeza mmodzi ali ndi kapepala koyera pa phiko, kolembedwa PS 397. Atafufuza m'mabuku awo anapeza kuti anamatidwa ku Chaska, m'chigawo cha Minnesota, ndi ana asukulu pamodzi ndi mphunzitsi wawo Jim Gilbert. Ana inu mwamva? Umboniwo unachokera m'manja mwa ana asukulu ngati inu. Nkhani yonse inatuluka m'magazini ya National Geographic mu Ogasiti 1976.

Ntchito yomatayo ikupitirirabe. Bungwe la Monarch Watch, limene Chip Taylor anayambitsa mu 1992 ku yunivesite ya Kansas, limatumiza timapepala tozungulira, tochepa kuposa chikhadabo cha chala chaching'ono, tokhala ndi zilembo ndi manambala. Mwana amagwira gulugufe ndi ukonde, amamugwira mapiko onse atatseka, amaona ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi, chifukwa wamwamuna ali ndi kadontho kakuda pa phiko lililonse lakumbuyo, amamata, amalemba tsiku ndi malo, n'kumumasula. Ku Mexico anthu a m'midzi yozungulira amatola timapepalato pa agulugufe akufa, bungwe limawagula, n'kuika manambala pa intaneti. Ambiri amene timamata sapezeka. Koma ana amakafufuzabe chaka chilichonse, ndipo pofufuzapo amaphunzira mapu, mtunda, ndi kusunga kaundula mosanama.

Chifukwa chimene masukulu ambiri kuno ayambira madimba amenewa n'chakuti agulugufewa achepa. Kuwawerenga mmodzimmodzi n'kosatheka, ndiye chaka chilichonse bungwe loteteza zachilengedwe la WWF ndi boma la Mexico amayeza kukula kwa nkhalango imene yakutidwa. M'nyengo ya 1996 mpaka 1997 anakuta mahekitala oposa 18, ngati mabwalo a mpira 25. Mu 2013 mpaka 2014 anakuta mahekitala 0.67, bwalo limodzi lokha. Mu 2023 mpaka 2024 anali 0.9, chaka chotsatira 1.79. Amakwera, amatsika, malinga ndi nyengo, koma akatswiri amati pafunika mahekitala 6 kuti tinene kuti mtunduwu uli pabwino. Mu Disembala 2024 nthambi ya boma la America yoona za nyama zakutchire inapereka ganizo loti monarch aikidwe m'gulu la zamoyo zimene zili pachiopsezo.

Zifukwa zilipo zingapo. Kudula mitengo ku Mexico ndi chimodzi, ngakhale nkhalangoyo ndi yotetezedwa ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 2008. Anthu a kumeneko aivutikira. Homero Gómez González, amene ankayang'anira malo ofikira agulugufe a El Rosario ndi kulimbana ndi odula mitengo, anapezeka atafa mu Januwale 2020. Chilala ku Texas nthawi ya ulendo ndi china. Koma chimene chikutikhudza ife chili pakhomo pathu pomwe. Tulukani m'tauni muno kulowera kulikonse, muona chimanga ndi soya mpaka kumene maso alekezera, m'mizere muli mbee, mopanda ndi kaudzu komwe. Kale milkweed ankamera m'minda imeneyo, pakati pa mizere, ndipo kumeneko n'kumene kunkabadwira agulugufe ambiri. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 alimi anayamba kudzala mbewu zosafa ndi mankhwala opha udzu a glyphosate, aja timawadziwa kuti Roundup. Amapopera munda wonse, chimanga chimatsala, china chilichonse chimafa. Mlimi sindikumuimba mlandu, nayenso akufuna kukolola. Koma milkweed anatha m'mindamo, ndipo malo otsala ndi m'mbali mwa misewu, m'mapaki, kuseri kwa nyumba zathu ndi kusukulu.

Inde agogo, funsani.

Agogo akufunsa kuti kadimba kamodzi ka pasukulu kangapulumutse agulugufe mamiliyoni? Ayi agogo, sikangathe, ndipo ana sindiwanamiza. Kadimba kathu chaka chino katulutsa agulugufe ongowerengeka pa zala ndi kubwereza. Koma wamkazi wouluka ndi mazira akufunafuna poikira, akapeza milkweed pano, wina pa tchalitchi, wina kuseri kwa nyumba yanu, saikira mazira onse pa chomera chimodzi kuti ana alimbirane. Monarch Watch inayamba kulemba madimba otere m'kaundula mu 2005, ndipo alembedwa masauzande makumimakumi. Chachiwiri, ine ndine mphunzitsi. Phindu limene ndimaliona ndi maso anga lili mwa mwana.

Ndinene tsopano za kalimidwe, chifukwa apa ndi pamene inu mukundiposa.

Malo safunika aakulu. Mamita atatu m'litali, atatu m'lifupi, akwana poyambira, bola pakhale dzuwa maola asanu ndi limodzi pa tsiku. Sukulu yatipatsa malo owirikiza kanayi pamenepo, koma pali kapinga wolimba wofunika kumugaula ndi makasu. Tidzala milkweed wosachepera mapando khumi, mitundu itatu ya kuno. Common milkweed ndi wamasamba aakulu, mbozi zimamukonda, koma mizu yake imayenda pansi n'kukatulukira patali, ndiye timuika kumpanda. Swamp milkweed amakhala phata limodzi ndipo amakonda chinyezi, timuika kumene kumatsikira madzi a padenga. Butterfly weed, wamaluwa ngati lalanje, amafuna dothi lamchenga louma. M'masitolo mupezamo wina wokongola wa maluwa ofiira ndi achikasu, tropical milkweed. Ameneyo musagule. Si wa kuno, ndipo kumadera ofunda kumene safa nthawi yachisanu amasunga kachilombo kamene kamapundula mapiko a agulugufe, komanso amawachititsa kuima pa ulendo n'kuyamba kuikira nthawi yosayenera.

Milkweed ndi chakudya cha ana. Akuluakulu amafuna maluwa. Makamaka a m'Seputembala aja, amene ali ndi ulendo wautali, amafuna maluwa ochedwa monga goldenrod ndi aster, ndiponso blazing star, coneflower ndi zinnia. Dimba likhale ndi chinachake chochita maluwa kuyambira Juni mpaka Okutobala.

Njere za milkweed zili ndi khalidwe limene ife a kotentha sitinazolowere. Sizimera zisanagone m'chisanu. Mukazisunga m'nyumba n'kudzadzala mu Meyi, zambiri zimangokhala. N'chifukwa chake tikufesa tsopano, sinowo asanagwe, kuti zigone panja nyengo yonse yozizira. Amene mukufuna kuchita kunyumba mochedwa, zikulungeni m'kapepala konyowa, ikani m'kajumbo, n'kusunga mufiriji masiku 30. Ndipo milkweed amachedwa kuphuka, zomera zina zonse zitabiriwira iye ali zii, mpaka Meyi. Tizika timitengo pa phando lililonse kuti wotchetcha kapinga asadutsepo, ndi kuti wopalira asazule. Chaka choyamba mwina sachita maluwa. Musataye mtima, mbozi zimadya masamba.

Mankhwala ayi, a mtundu uliwonse. Ichi ndinachiphunzira mowawa. Chaka changa choyamba masamba anatithera, mbozi zili ndi njala, ndiye ndinathamangira kusitolo ina kukagula milkweed wa m'miphika. Anali wobiriwira bwino, wopanda ndi kachibowo komwe. Ndinaikapo mbozi khumi ndi imodzi. Pofika tsiku lachiwiri zonse zinali zitafa, zikutuluka madzi obiriwira, ana akulira. Chomeracho chinali chothiridwa mankhwala olowa m'kati mwa masamba, osachoka ngakhale utsuke. Kuyambira pamenepo ndimafunsa wogulitsa ndisanagule, ndipo ndikaona chomera chili ndi nsabwe zachikasu za m'masamba ndimadziwa kuti n'chabwino. Nsabwezo zikachuluka m'dimba mwathu, kuzitsuka ndi madzi n'kokwanira, mutayang'ana kaye kuti pa tsambapo palibe dzira.

Chenjezo limodzi kwa makolo. Utomoni uja ukalowa m'maso umapweteka kwambiri ndipo ukhoza kuvulaza diso. Mwana akagwira milkweed asambe m'manja asanadzigwire kumaso, ndipo aang'ono asatafune masamba. Lamulo limeneli kusukulu timalibwereza tsiku lililonse.

Ena amafunsa kuti bwanji osatolera mazira onse n'kukalerera m'nyumba kuti adani asadye. Timalera ochepa okha, atatu kapena asanu pa kalasi, kuti ana aone. Ukaunjika ambiri malo amodzi matenda amafala. Ndiponso mu 2019 ofufuza a ku yunivesite ya Chicago anapeza kuti agulugufe ogulidwa kwa oweta, ngakhalenso akutchire olerera m'nyumba, ambiri sankalunjika kum'mwera powayesa. Choncho chikwere chathu timachiika panja, pamthunzi, kuti amve kufupika kwa masiku ndi kuzizira kwa usiku.

Pali chinthu china chimene ana amachikonda. Kudzera m'bungwe la Journey North, masukulu a kuno ndi a ku Canada amapanga agulugufe a mapepala n'kuwatumiza kwa ana a m'masukulu oyandikana ndi nkhalango ija ku Mexico, nthawi yomweyo imene enieniwo akupita. Kukafunda, makalata amabwerera kumpoto. Tikujambula zimenezi, mtsikana wina wa giredi 4, wobadwira kuno, mwana wa mmodzi wa inu, anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, ndiye kwawo kwa gulugufeyu ndi kuti, kuno kapena ku Mexico?" Ndinamubwezera funsolo. Anaganiza, n'kunena kuti, "Ali ngati ine ndi ku Ntcheu. Sindinapiteko koma ndi kwathu." Ndinakhala kaye chete. Kenako ndinamuuza kusiyana kwake, kuti gulugufe njira amabadwa nayo m'thupi, koma iye ya ku Ntcheu ayenera kuifunsa kwa amayi ake ndi agogo ake. Mawa lake anabwera ndi dzina la mudzi, la mfumu ndi la phiri la kumeneko, atalemba kuseri kwa gulugufe wake wa pepala.

Vuto lalikulu la dimba la pasukulu ndi kalendala. Sukulu imatsekera kumayambiriro kwa Juni, nthawi yomweyo imene agulugufe akufika, n'kudzatsegulira mu Ogasiti. Miyezi iwiri yotentha dimba limakhala lopanda mwini. Madimba ambiri a m'masukulu amafera pamenepo. Ndiye pempho langa lenileni ndi limeneli: mabanja khumi, banja lililonse sabata imodzi, kuthirira kawiri pa sabatayo ngati mvula sinagwe, kuzula udzu, ndi kutembenuza masamba pamodzi ndi ana anu n'kulemba m'kope mazira ndi mbozi zimene mwaona. Ndikudziwa mashifiti athu, ena mumagwira usiku, ena ntchito ziwiri. Ndi theka la ola chabe. Mayi aja ndinayamba nawo aja analembetsa kale, atenga sabata yoyamba ya Julayi, ndipo ndi amene anandisonyeza kuti dothi la kumpanda likufuna manyowa.

Kugaula ndi kufesa tichita Lamlungu likubwerali, 2 koloko masana, kuti a Sabata ndi a Lamlungu tonse tipezeke. Amene muli ndi makasu a kwathu bwerani nawo, chifukwa mafosholo a kusukulu kapinga ameneyu akumulephera. Valani zofunda ndi magolovesi. Pepala lolembetsa masabata lili pa tebulo la pakhomo, pambali pa timaenvelopu ta njere. Banja lililonse litenge kamodzi, kolembedwa swamp milkweed ngati pakhomo panu m'pochepa. Zikomo a tcheyamani, ndabweza kwa inu.